Nyimbo ya Mkango ndi Dzina la Mwini Wake

Ana inu, lero ndiyamba ndi funso looneka lapafupi. Pamene mumva nyimbo pa wailesi, kapena pa foni ya akulu anu, kodi mumadziwa munthu amene anaipeka? Kawirikawiri timadziwa woimba, pakuti liu lake ndilo limatifika m'makutu. Koma wopeka nyimboyo angakhale munthu wina, ndipo wolandira ndalama zake angakhale winanso wacitatu, amene sanatsegulepo pakamwa kuti aimbe. Kuti timvetse mmene zimenezi zimacitikira, titsata ulendo wa nyimbo imodzi, kucokera ku Johannesburg m'caka ca 1939 kufikira masiku ano a intaneti. Inu aphunzitsi, ngati pa sukulu panu pali mapu a dziko lonse, apacikeni pamene ana onse angawaone, cifukwa nyimbo imeneyi inayenda kutali.

Solomon Linda anabadwa m'caka ca 1909 ku dera la Msinga, m'cigawo ca Natal, ku South Africa. Anali Mzulu, mwana wa kumudzi woweta ng'ombe monga ena mwa inu, ndipo sanapite patali ndi sukulu. M'caka ca 1931 anapita ku Johannesburg kukafuna nchito, ku Joni konkuja kumene agogo athu ambiri anapitanso, ena osabwerako. Kumeneko anakhala mtsogoleri wa gulu la amuna oimba lochedwa Evening Birds. Pa mapeto a sabata amuna amenewa anali kubvala masuti ndi zipewa, ndi kukapikisana ndi magulu ena m'maholo ndi m'nyumba zogona anthu a nchito. Anzake anali kuimba ndi mau aakulu a pansi, ndipo Linda, munthu wamtali, anali kuuluka pamwamba pao ndi liu laling'ono lakuthwa.

M'caka ca 1939 gululi linaitanidwa ku nyumba yojambulira nyimbo ya kampani ya Gallo. Masiku amenewo kujambula mau inali nchito yobvuta. Oimba anali kuima patsogolo pa maikolofoni, ndipo singano inali kucekerera timizere tozungulira pa mbale ya phula. Akalakwa, anali kutenga mbale ina ndi kuyambiranso. Mbale yoyambayo inali kutumizidwa pa sitima ya pamadzi ku England, kumene anali kupangako mbale zambiri zakuda za galamafoni, zozungulira maulendo 78 pa mphindi imodzi, zimene zinali kusweka ngati mphika zikagwa pansi.

Tsiku limenelo Evening Birds anaimba nyimbo ya Linda yochedwa Mbube, ndiko kuti mkango m'Cizulu. Anaiyesa katatu. Pa ulendo wacitatu, nyimbo iri pafupi kutha, Linda anangotulutsa kamaimbidwe kena kafupi kamene kanamubwerera m'mutu nthawi yomweyo. Mukasunge bwino kamaimbidwe kameneka, pakuti tidzakumana nako kutsogoloku. Mbaleyo inagulidwa kwambiri, kotero kuti pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mbale pafupifupi 100,000 zinali zitagulitsidwa. Inachuka mpaka kaimbidwe konse ka magulu otere kanayamba kuchedwa mbube, ndipo gulu la Ladysmith Black Mambazo, limene ena a inu munalimvapo, linaphuka pa tsinde lomwelo.

Nanga Linda anapezapo ciani? Anapatsidwa masheleni khumi, napereka umwini wa nyimboyo kwa kampani. Kuti muone kucepa kwake, pamene dziko lathu linasiya mapaundi ndi masheleni m'caka ca 1968, masheleni khumi ndiwo anasanduka kwacha imodzi. Analinso pa nchito ku kampani yomweyo, yolongedza mbale m'mabokosi.

Apa tiime pang'ono, cifukwa mpofunika kumvetsa cimene Linda anagulitsa. Taganizani za munthu amene ali ndi mtengo wa mango pakhomo. Wina akagula dengu la mango, amadya mangowo, koma mtengo ukhalabe wa mwini wake, ndipo caka camawa udzabalanso. Koma wina akagula mtengo weniweniwo, mango onse a zaka zonse za m'tsogolo ndi ake. Munthu wogula mbale m'sitolo wagula dengu cabe. Angaimvere kunyumba kwake mmene angafunire, koma nyimboyo si yake. Umwini wa nyimbo, umene m'Cingelezi amaucha copyright, ndiwo mtengo uja. Mwini wake ndiye ali ndi mphamvu yololeza kapena kukaniza kuti nyimboyo ipangidwe makope, iulutsidwe pa wailesi, iikidwe m'filimu kapena isinthidwe mau, ndipo nthawi iriyonse pamene yagwiritsidwa nchito motero amalandirapo kagawo ka ndalama. Linda anagulitsa mtengo pa mtengo wa dengu limodzi. Tisafulumire kumuseka. Munthu wakuda ku South Africa ya masiku amenewo analibe loya womuwerengera pepala, ndipo panalibe womuuza kuti nyimbo ingabale zipatso zaka makumi ambiri.

Tsopano yang'anani pa mapu, muoloke nyanja ya Atlantic. Mbale zina za Gallo zinafika ku New York, ndipo katswiri wina wosonkhanitsa nyimbo za makolo, Alan Lomax, anapatsa mnzake Pete Seeger mbale ya Mbube. Seeger anaikonda kwambiri, koma Cizulu sanali kucidziwa. Anamva molakwa mau amene amabwerezedwa m'nyimbomo, nalemba zimene makutu ake anamuuza, ndipo ndimo munacokera dzina lakuti Wimoweh. Gulu lake la The Weavers linaijambula, ndipo m'caka ca 1952 inali pakati pa nyimbo zokondedwa kwambiri ku America. Pa mbaleyo panalembedwa kuti wopeka ndi Paul Campbell. Munthu wa dzina limeneli kunalibe. Linali dzina lopeka limene gululo ndi osindikiza nyimbo zao anali kulemba pa nyimbo zimene anaziyesa za makolo, zopanda mwini, kuti ndalama za wopeka zigwere kwa iwo. Seeger atadziwa kuti nyimboyo inali ndi mwini, anatumiza madola 1,000 kwa Linda, napempha kuti gawo lake lizipita kwa iye. Anacita bwino, koma dzina la pa mapepala linali litasintha kale.

M'caka ca 1961 George David Weiss, pamodzi ndi Hugo Peretti ndi Luigi Creatore, anaikonzanso nyimboyo naipatsa mau a Cingelezi. Mau atsopanowo anawakhazika pa kamaimbidwe kafupi kaja kamene Linda anakatulutsa pa ulendo wacitatu. Anyamata a gulu la The Tokens anaiimba, ndipo The Lion Sleeps Tonight inafika pa nambala 1 ku America. Pa mbale panalembedwa maina a anthu atatu aja. Caka cotsatira, 1962, Solomon Linda anamwalira ndi nthenda ya impso, ali ndi ndalama zokwana ngati madola 25 ku banki. Panapita zaka 18 banja lake lisanathe kuika mwala pa manda ake.

Nyimboyo inapitiriza kubala. Oimba a maiko ambiri anaiimba m'zinenero zao, ndipo m'caka ca 1994 kampani ya Disney inaiika m'filimu ya The Lion King, mmene Timon ndi Pumbaa amaiimba. Ndikhulupirira kuti kumeneko ndiko ambiri a inu munaimvera. Nthawi yonseyi ana aakazi a Linda anali kukhala mu umphawi ku Soweto, akulandira tindalama tocepa mwa apo ndi apo.

Zinthu zinasintha cifukwa ca mtolankhani. M'caka ca 2000 Rian Malan wa ku South Africa analemba mbiri yonseyi m'magazini ya Rolling Stone, nawerengera kuti nyimboyo inali itabala pafupifupi madola 15 miliyoni. Loya wina, Owen Dean, anafufuza m'mabuku akale napeza lamulo la Britain la m'caka ca 1911, limene linali kugwiranso nchito ku South Africa pa nthawi imene Linda anapereka nyimbo yake. Lamulolo linati ngakhale wopeka agulitse umwini wake, pakapita zaka 25 iye atamwalira umwiniwo ubwerere kwa olowa m'malo mwake. Werengani nokha: 1962 kuphatikiza 25. Ndiye kuti kuyambira 1987 mtengo uja unali utabwerera kale pakhomo, eni ake osadziwa. M'caka ca 2004 mlandu unalowa m'khoti ku South Africa, ndipo khoti linalola kuti zizindikiro za malonda za Disney zolembedwa m'dzikomo, pamodzi ndi ca Mickey Mouse, zigwidwe ngati cikole. A Disney anati iwo anatenga cilolezo kwa kampani ya Abilene Music, imene inali kusunga umwini wa The Lion Sleeps Tonight. M'mwezi wa February 2006 kampani ya Abilene inagwirizana ndi banjalo kunja kwa khoti. Inalipira ndalama zimene kucuruka kwake sikunalengezedwe, inabvomera kupereka gawo la ndalama za m'tsogolo, ndipo dzina la Solomon Linda linalembedwa pakati pa opeka nyimboyo. Kucokera 1939 kufika 2006 ndi zaka 67.

Mwina mufunsa kuti nkhani yakale yotere itikhudza bwanji ife amene sitinagwirepo mbale ya galamafoni. Itikhudza cifukwa makina asintha kwambiri, koma njira imene ndalama zimatsata sinasinthe.

M'masiku a Linda kupanga kope ya nyimbo kunafuna fakitale ndi sitima. Kampani ya Philips itatulutsa kaseti m'caka ca 1963, munthu aliyense wokhala ndi wailesi ya kaseti anayamba kutha kujambula nyimbo m'nyumba mwake, ngakhale kuti kope ya kope inali kumveka mofooka. Kenaka nyimbo zinasandutsidwa manambala amene kompyuta imawerenga. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Germany anakonza njira yochedwa MP3, imene imacepetsa nyimbo pafupifupi kakhumi potaya timau timene khutu la munthu silimva bwino. Nyimbo ya manambala siifooka poikopera: kope ya cikwi imamveka cimodzimodzi ndi yoyamba, ndipo kuipanga sikudya ndalama. M'caka ca 1999 mnyamata wina wa pa yunivesite ku Boston, Shawn Fanning, anayambitsa Napster, imene inalola anthu mamiliyoni kupatsana nyimbo pa intaneti kwaulere. Makampani a nyimbo anaisumira, ndipo inatsekedwa m'caka ca 2001, koma cizolowezico cinali citamera kale mizu.

Kuno kwathu ticidziwa bwino. Mnzako amakutumizira nyimbo pa Bluetooth kapena pa WhatsApp, ndipo pa msika pali anyamata okhala ndi kompyuta amene amadzaza nyimbo mazana pa kakhadi ka foni pa mtengo wocepa. Apa fanizo langa la mango liperewera, ndipo ndiyenera kubvomereza. Ukathyola mango a mwini, iye amatsala wopanda mangowo, koma ukakopera nyimbo, woimba amatsala nayobe. Ndico cifukwa cake ambiri saona colakwa. Ine sindinena kuti mwana wopatsa mnzake nyimbo ndi mbala. Koma munthu amene amagulitsa nyimbo za ena tsiku ndi tsiku, osapereka ngakhale ngwee kwa amene analipira nyumba yojambulira ndi oimba magitala, akudya thukuta la wina, ndipo lamulo limaletsa zimenezo. Palinso kanthu kena kamene kamandidetsa nkhawa koposa. Nyimbo ikadumpha kucoka pa foni kupita pa foni, dzina limagwa m'njira. Taonani m'foni ya kunyumba kwanu: mudzapeza nyimbo zambiri zolembedwa nambala cabe, kapena dzina la munthu amene anazitumiza. Ikafika kwa munthu wakhumi imakhala ngati ya makolo, yopanda mwini, monga mmene Mbube inaonekera ku New York.

Masiku ano anthu ambiri samasunganso nyimbo, amangozimvera pa intaneti, pa YouTube, Spotify, Boomplay ndi malo ena otere. Spotify inayamba ku Sweden m'caka ca 2008 ndipo inafika ku Zambia m'caka ca 2021. Kayendetsedwe kake nkotere. Kompyuta imawerenga kuti nyimbo iriyonse yamvedwa kangati. Ndalama zimene omvera ndi otsatsa malonda alipira zimaikidwa pamodzi, kampani imatengapo gawo lake, ndipo zotsalazo zimagawidwa molingana ndi ciwerengero cija. Kumvedwa kamodzi kawirikawiri sikufika ngakhale senti imodzi ya dola ya ku America, kotero woimba amafunika omvera zikwi zambiri kuti agule thumba la ufa. Ndipo ndalamazo zimapita kwa yani? Zimapita ku maina amene analembedwa pamene nyimboyo inali kuikidwa pa intaneti: la wopeka, la woimba ndi la mwini wa cojambulidwaco. Kompyuta siifunsa amene anagona mocedwa akupeka. Imalipira dzina limene yapatsidwa.

YouTube iri ndi makina ochedwa Content ID, amene anayamba m'caka ca 2007. Mwini nyimbo amapereka kope yake, ndipo makinawo amatengapo cizindikiro ca kamvekedwe kake, conga cidindo ca cala cimene munthu amadinda pa citupa. Vidiyo iriyonse yatsopano imayerekezedwa ndi zidindozo. Nyimbo ikapezekamo, mwini wake angailetse vidiyoyo, kapena kuilola ndi kumalandira ndalama za malonda oonekapo. Ndi nzeru yodabwitsa, ndipo ikanakhalapo m'caka ca 1952 mwina wina akanazindikira msanga. Koma makinawo amakhulupirira amene wapereka kopeyo, ndipo zacitikapo kambiri kuti munthu wosakhala mwini walembetsa nyimbo ya wina nayamba kulandira. Paul Campbell wa masiku ano safuna ngakhale fakitale.

Dziko lathu liri ndi lamulo loteteza opeka, la Copyright and Performance Rights Act la m'caka ca 1994. Limati umwini wa nyimbo umakhala moyo wonse wa wopeka ndi zaka zina 50 iye atamwalira, kuti ana ndi adzukulu adyeko. Zikatha zakazo nyimboyo imakhala ya aliyense. Palinso bungwe la ZAMCOPS, limene limatolera ndalama kwa nyumba za wailesi, mahotela ndi malo ena oimbitsa nyimbo, ndi kugawira opeka amene analembetsa nyimbo zao. Nyimbo za makolo, za pa mtondo, za kumaliro ndi za magule, nzosiyana, pakuti palibe munthu mmodzi amene angati ndi zake. Koma kusakhala ndi mwini mmodzi sikutanthauza kuti mlendo angalembepo dzina lake, ndipo m'caka ca 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lina loteteza nzeru ndi miyambo ya makolo.

Tiri nayo nkhani yathuyathu yoti tiyerekeze ndi ya Linda. M'zaka za m'ma 1970 anyamata a ku Lusaka ndi ku Copperbelt anasakaniza magitala a magetsi ndi kaimbidwe ka kuno, ndipo nyimbozo zinachedwa Zamrock. Mmodzi wa iwo anali Paul Ngozi, dzina lake leni-leni Paul Dobson Nyirongo, mtsogoleri wa gulu la Ngozi Family. M'caka ca 1977 gululi linatulutsa mbale ya 45,000 Volts, pamene panali nyimbo yochedwa Nizakupanga Ngozi. Ngozi anamwalira m'caka ca 1989, ndipo mbale za Zamrock zinasowa m'masitolo kwa zaka zambiri, kufikira pamene okonda nyimbo a kunja anazipeza pa intaneti ndipo kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kuzisindikizanso. M'caka ca 2024 woimba wochuka wa ku America, Tyler, the Creator, anadula kacigawo ka nyimbo ya Ngozi nakalowetsa m'nyimbo yake yochedwa Noid. Anthu mamiliyoni a maiko akutali anamva Cinyanja, ambiri kwa nthawi yoyamba. Ulendo uno dzina silinagwe m'njira: Paul Dobson Nyirongo analembedwa pakati pa opeka nyimbo yatsopanoyo, ndipo pamene dzina lalembedwa olowa m'malo mwa wopeka amakhala ndi poyambira kufunsa gawo lao. Linda anadikira zaka 67 kuti zimenezi zimucitikire.

Inu aphunzitsi, ana asacoke pa phunziroli ndi mantha oimba. Kuimba nyimbo ya wina m'kalasi pophunzira, kapena poyenda kupita kunyumba, si mlandu. Koma ndidziwa kuti m'masukulu ambiri muli aphunzitsi ndi ana amene amapeka nyimbo za kwaya, za tsiku la Ufulu ndi za mipikisano, ndipo pakapita zaka ziwiri palibe wokumbukira amene anazipeka. Pezani buku limodzi lolimba, muzilembamo mau a nyimbo iriyonse yatsopano, dzina la wopeka ndi tsiku, ndipo a hedimasitala asainepo. Ngati wina ajambula kwaya pa foni kuti aike pa intaneti, aonetsetse kuti dzina la wopeka ndi la sukulu alembedwa pamenepo. Mwana waluso akadzakula ndi kupatsidwa pepala loti asaine, ayambe walipereka kwa munthu wodziwa malamulo kuti amuuze ngati akugulitsa dengu kapena mtengo.

Ana a Giredi 6 ndi 7 acite nchito iyi sabata ino. Aliyense asankhe nyimbo zitatu zimene amazikonda: imodzi ya pa wailesi, imodzi ya kuchalichi ndi imodzi ya kumudzi. Afunse makolo, atsogoleri a kwaya kapena agogo kuti anaipeka ndani ndiponso liti, ndipo alembe mayankho m'makope ao. Pa nyimbo zimene dzina silipezeka, alembe dzina la munthu amene anawaphunzitsa nyimboyo, ndi kumene iyeyo anaimva. Awerengerenso caka cimene umwini wa nyimbo za Paul Ngozi udzathera, potsata lamulo la zaka 50 lija.